Majakisoni Atatu a Bambo Lorenso Alufandika

Malemu amene tawazungulira panowa, achimwene anga bambo Lorenso Zuze Alufandika, anabadwa pa 9 Juni 1959 m'dera la mfumu yaikulu Malemia, m'boma la Nsanje. Ine ndaima panone ndine Fanuel Alufandika, mng'ono wawo wa bere limodzi, mphunzitsi wopuma, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Mafumu, abusa, akuluakulu a mpingo, apongozi athu ndi inu nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, takhuta, zikomo kwambiri.

Ndisanapite patali ndinene ichi. Kuyambira dzulo makutu anga akhala akutola zonong'ona, kuseri kwa nyumba ndi pansi pa mtengo paja pakhala azibambo. Ati alamu anga, mayi Esinala, ndiwo apha amuna awo, chifukwa anapangana ndi mwana wawo kuwatengera ku Joni kukawabayitsa mankhwala ofula munthu ngati ng'ombe ya pangolo. Ndamvanso kuti ena a m'banja lathu lomweli apangana kale zoti maliro akatha, alamu adzagone ndi munthu wobwereka pa mwambo wa kupita kufa. Malemu anandilumbiritsa ali pamphasa kuti mbiri yawo ndidzaiwerenge yonse, yokoma ndi yonunkha yomwe. Ndiye ndikupemphani mundimvere mpaka kumapeto, mukatero muweruze nokha.

Bambo athu, a Zuze Alufandika, anachokera ku Mutarara m'dziko la Mozambiki, kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Amayi athu anali mayi Anna Petro. M'banjamo tinabadwa ana asanu ndi awiri, koma amene tinakula ndife atatu: malemuwa amene anali oyamba, alongo athu a Priska, ndi ine chitsiriza.

Mu 1967 malemu anayamba sukulu ya mishoni pafupi ndi kwathu, ndipo mu 1975 analemba mayeso a Sitandade 8 nakhoza bwino. Chaka chomwecho bambo athu anagwidwa ndi ng'ona akuonjola ukonde mu Shire. Achimwene anapinda yunifolomu yawo, nandipatsa ine, iwo n'kutenga nkhafi ya bambo. Sukulu yonse imene ine ndinaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi, ndi sukulu yawo imene anandisiyira. Mukumbukire zimenezi pamene ndikupitiriza.

Mu 1978 analembedwa ntchito ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Anayamba ndi kudula nzimbe, kenako anawaika ku gulu lothirira, ndipo mu 1989 anakhala kapitawo. Anzawo a kumeneko, amene ena ndikuwaona pano, anawapatsa dzina loti a Wotchi. Akati madzi atsegulidwe sikisi koloko, ndiye kuti sikisi koloko, kaya mvula ikugwa kaya munthu wagona ndi malungo. Anali munthu wovuta, tisanamizane. Amene anachedwapo pa gulu lawo akudziwa mmene mawu awo ankalasira. Koma zaka makumi atatu ndi chimodzi anagwira ntchito osalembedwapo kuti wajomba.

Pa 20 Ogasiti 1983 anamanga ukwati woyera ndi mayi Esinala Limbikani a kuno kwa Maseya, ndipo anamanga nyumba yawo pano. Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu. Mmodzi anatsogola ali wakhanda. Woyamba kubadwa, Immaculate, anaphunzira unamwino ndipo akugwira ntchito ku Joni.

Mu 2009 anapuma ntchito. Anagula mwadiya, bwato lija likuwola padooko lero, nabwerera ku ntchito ya bambo athu, kupha mphende ndi milamba ku dambo la Elephant Marsh ndi kulima dimba. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, anapalasa bwatolo maulendo asanu ndi anayi kukatsitsa anthu m'mitengo ndi pa zulu. Ena a inu muli moyo lero chifukwa cha mapewa a munthu ameneyu. Chaka chomwecho mpingo unawasankha kukhala mkulu wa mpingo.

Matenda anayamba mu 2021. Madzi anayamba kuwavuta potaya, ankatuluka pang'onopang'ono ndi ululu, ndipo iwo anabisa monga timachitira abambo tonse. Amene anaulula ndi alamu anga, ndipo anaimbira foni Immaculate. Mu Malichi 2022 anawatengera ku chipatala ku Blantyre, kumene anawayeza magazi ndi kudula kanyama kokapima. Anawapeza ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Madokotala anati khansayo ndi ya mtundu wolusa, koma mwayi ulipo, chifukwa inali isanatuluke m'kachiwalomo kupita kwina.

Mu Julaye 2022 Immaculate anawatengera ku Joni pamodzi ndi alamu anga, ku chipatala china chimene chinkachita kafukufuku wophatikiza njira zitatu pa khansa yotereyi. Njira yoyamba inali jakisoni wa pamimba, kamodzi pa miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri, wotseka mphamvu ya chimuna, chifukwa khansa imeneyi imadya mphamvu yomweyo kuti ikule. Yachiwiri inali kuwotcha khansayo ndi cheza cha makina, tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Yachitatu inali diripi ya mankhwala odzutsa asilikali a m'thupi, kuti aizindikire khansayo ndi kulimbana nayo okha. Ziwiri zoyambazo n'zodziwika kale. Yachitatuyo anawauza poyera kuti ikuyesedwa kumene, palibe amene akudziwa ngati iwonjezera thandizo. Anawauzanso poyera zimene jakisoni adzachite pa moyo wawo wa m'banja. Achimwene anamva zonse ndi makutu awo ndipo anasaina ndi dzanja lawo. Palibe anawagwira mkono. Inu mukuti alamu anawapusitsa, kodi a Wotchi anapusitsidwapo ndi ndani?

Anabwerako mu Febuluwale 2023 atawonda, khungu litatuluka zidzolo, koma akutaya madzi bwino, ndipo magazi awo ankasonyeza kuti khansa yagona. Padooko ankafotokozera anzawo kuti zili ngati nguluwe yalowa m'dimba: uiwotchere tchire, uimane chakudya, udzutse agalu, ndipo ukachita chimodzi chokha imabweranso. Chimene chinatsala chinali kumapita ku Blantyre miyezi itatu iliyonse kukabayitsa jakisoni uja ndi kuyezetsa magazi, mpaka zaka ziwiri zikwane. Pa fomu ya kuchipatala, pamalo a m'bale woti aziimbiridwa foni, analemba nambala yanga, ati popeza ine ndimamva Chingerezi.

Jakisoniyo sanali masewera. Thukuta linkawatuluka ngati awathira ndowa, pamwamba pa kutentha kwathu kuno. Mimba inakula, mabere anatupa. Abambo anzawo ankawaseka, ndipo ine ndemwe ndinawauzapo pagulu kuti ndikapita ku Nchalo ndikawagulira kamisolo. Anthu anaseka, iwonso anaseka, koma tsiku limenelo sanadye. Pepani apongozi, pepani abusa, mawu ena sayenera pamaliro, koma ndiwanena: mphamvu za m'nyumba zinawathera, monga madokotala ananenera.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba ya amayi athu, ndipo achimwene anawatenga kudzakhala nawo pano. Pa 2 Epulo amayi anamwalira ndi chibayo m'nyumba iyi.

Inu a kuno mukudziwa chimene chimatsatira, koma alendo ochokera kumtunda ndikufotokozereni. Mwambo wa makolo athu umati munthu akafera m'nyumba, abale onse a pabanja amagona motalikirana ndi akazi awo kapena amuna awo, kufikira mwini nyumbayo ndi mkazi wake atakhala malo amodzi. Kumeneko ndiko kupita kufa. Akatero, mtundu wonse wamasuka. Zikapanda kuchitika, timakhulupirira kuti m'banjamo mulowa tsempho, ana ayamba kutupa, kutsokomola ndi kuwonda. Tonsefe ndife a mpingo, Lamulungu timavala zoyera, koma zimenezi sitinazisiye. Abusa musandiyang'ane choncho, mukudziwa.

Maliro a amayi atatha, achimwene anandiitana ine ndi a Priska, natiuza maso ali pansi kuti iwo sangathe. A Priska anati tipeze mankhwala a zitsamba kwa akuluakulu, tisambe tonse, monga midzi ina ikuchitira masiku ano. Amene anakana ndine. Ndinati zimenezo n'za mabanja opanda amuna, ndipo amayi athu sangaikidwe ngati nkhuku. Ena anati ndiye tibwereke munthu alowe kwa alamu m'malo mwawo. Achimwene anatenga nkhafi naitsamiritsa pakhomo, nati amene akufuna abwere ayese. Alamu anati kuli bwino akadziponye mu Shire. Tsono tinangokhala, mabanja asanu ndi anayi omangika, kudikira munthu mmodzi.

Epulo anatha, Meyi anatha. Jakisoni wa Meyi anakabayitsa pa tsiku lake. Achinyamata anayamba kung'ung'udza, ena osawapatsanso moni. Mu Juni mdzukulu wanga Pempho, mwana wa zaka ziwiri, anayamba kutupa mapazi ndi kutsokomola. Kuchipatala anati ndi kunyentchera, popeza madzi anakokolola chimanga chonse, ndipo anamupatsa chiponde. Ine, mphunzitsi wa zaka makumi atatu ndi zinayi, amene ndinkaphunzitsa ana anu za magulu a zakudya, sindinamve. Ndinati ndi tsempho basi.

Pa 3 Julaye 2023, dzuwa lili paliwombo, ndinawalondola ku dimba. Mawu amene ndinawauza ndikuwakumbukira onse. Ndinati Pempho akafa, amene mwapha ndinu. Ndinati mwagulitsa umuna wanu kwa azungu kuti mukhale ndi moyo nokha, mtundu wonse ukutha. Ndinati siyani jakisoni kamodzi kokha, mphamvu zibwerere, mutimasule, mukatero mudzapitirize. Kalanga ine! Anatsamira khasu, n'kungoti amva.

Mu Ogasiti tsiku la jakisoni litakwana, anavala jekete, ine ndinawaperekeza monga mwa masiku onse. Tinakwera minibasi, koma tinatsikira pa Thabwa, phiri lisanayambe. Tinakhala pansi pa mtengo tsiku lonse, tikuonerera magalimoto akukwera ku Blantyre. Madzulo anagula buledi kuti kunyumba aziti tachokera m'tauni. Kabuku kawo ka kuchipatala tinakasunga kwanga kuti alamu asakaone.

Ife tinkaganiza kuti jakisoni ali ngati mpopi wa ku nzimbe, ukatseka madzi aima, ukatsegula abwera. Si mmene zilili. Mankhwala aja amachedwa kuchoka m'thupi. Sepitembala anatha, mphamvu osabwerera. Mwezi womwewo Pempho anachira ndi chiponde chija, n'kuyamba kuthamanga pabwalo, mwambo usanachitike n'komwe. Ndinaona ndi maso angawa, koma ndinachita manyazi kubweza mawu anga pamaso pa abale. Mu Novembala tinakakhalanso pa Thabwa. Mu Febuluwale 2024 chimodzimodzi.

A kuchipatala sanagone. Anandiimbira foni katatu, namwino wake waulemu kwambiri, kufunsa kuti bambo Alufandika ali kuti, mankhwala awo akuwadikira. Ulendo woyamba ndinati msewu waduka. Wachiwiri ndinati apita ku maliro ku Mozambiki. Wachitatu ndinaona nambala n'kuisiya ikulira. Immaculate akaimba, bambo ake ankamuuza kuti zonse zili bwino, ndipo mwanayo anakhulupirira, poti ndani akanaganiza kuti a Wotchi angajombe?

Kabukuko ndi aka ndanyamulaka. Amene ali pafupi aone. Deti ili apa, deti ili apa, deti ili apa, koma posaina namwino palibe kanthu. Mizere itatu.

Mu Epulo 2024 mphamvu zinabwerera, ndipo mwambo unachitika. Tinapha mbuzi, achinyamata anavina, ine ndinawagwira chanza achimwene n'kuwatcha mwamuna. Alamu anga sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo. Iwo anali ku Joni pamene madokotala ankafotokoza, ndiye anadziwa okha tanthauzo la kubwerera kwa mphamvuzo, kuti jakisoni anasiyidwa kalekale ndipo nguluwe ija yapatsidwanso chakudya. Ife tikudya nyama panja, iwo ankalira kuchipinda. Ena a inu munati ndi mwano. Mawa lake anaimbira foni mwana wawo.

Immaculate anafika mu Meyi 2024 nawatengera ku Blantyre. Magazi anasonyeza kuti khansa yadzuka. Anayambiranso jakisoni, koma m'kafukufuku muja anali atachotsedwamo kale chifukwa chosowa. Kwa miyezi ingapo zinaoneka ngati zagonanso. Mu Febuluwale 2025 msana unayamba kuwapweteka, ndipo atawajambula anapeza kuti khansa yalowa m'mafupa a msana ndi a m'chiuno. Mu Julaye miyendo inafa.

Ndinawafunsa dokotala pambali ngati achimwene akanachira akanapanda kudumpha majakisoni aja. Anandiyankha kuti sangalumbire, popeza khansayo inali yolusa ndipo ena imawabwerera ngakhale atatsata zonse, koma miyezi imene inatayikayo ndi imene thandizo linkafunika kwambiri. Ndinkafuna andipatse pobisala, sanandipatse. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Miyezi inayi yomaliza, munthu amene anapalasa bwato pa madzi osefukira ankatembenuzidwa ngati khanda. Ululu wa m'mafupa, abale anga, musaufunire ngakhale mdani wanu. Ankaluma chitenje kuti adzukulu asamve. Amene ankawasambitsa, kuwatsuka zilonda za pamsana, kukhuthula thumba la mkodzo wa m'kapaipi ndi kuwamwetsa mankhwala opha ululu pa ola lake, ndi mayi mukuwanenawa. Ife abale a magazi tinkabwera, kukhala pakhonde pang'ono, n'kumati fungo latikanika. Inu amene mukunong'ona, munakhuthulapo thumba lija kangati?

Pa 19 Okutobala anandiitana m'chipinda, alamu ali pomwepo. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula monga ankadulira anyamata a ku nzimbe. Anati minibasi ija anakwera ndi miyendo yawo ndipo anatsika ndi miyendo yawo, ndiye mlanduwo tigawana. Sananene kuti andikhululukira, ine sindinafunsenso. Anandipatsa ntchito ziwiri. Yoyamba, ndidzawerenge zonsezi pamaso panu. Yachiwiri, iwo akapita, m'nyumba mwawo musadzalowe munthu wobwereka kapena m'bale kudzapita kufa ndi akazi awo. Anati mwambo umenewu wadya kale munthu mmodzi pakhomo pano, wakhuta.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 28 Okutobala 2025, nthawi ya teni koloko m'mawa, mutu wawo uli pamiyendo pa akazi awo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, kudza zisanu ndi chimodzi.

Tsono mwamva. Mankhwala a ku Joni sanawaphe achimwene. Immaculate sanawaphe bambo ake. Alamu anga sanaphe amuna awo. Ngati pakufunika munthu woti mumuloze chala, musavutike kuyang'ana kuseri kwa nyumba, ndaima pano. Ndipo inu abale anga amene mwakamba kale ndi munthu wobwereka uja wa kutsidya, mukamuuze lero lomwe kuti asawoloke. Amene mtima wake sukhazikika popanda mwambo, a Priska ali ndi mankhwala osamba aja ndinawakana ine, akasambe. Amene akuopa tsempho, nalo dzina langa, lizibwera kwa Fanuel.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Esinala Alufandika, amene akhala nawo zaka makumi anayi ndi ziwiri. Asiya ana anayi: Immaculate, Ernest, Tithokoze ndi Andrea, komanso adzukulu khumi ndi mmodzi. Asiya mlongo wawo, a Priska, ndi ine mng'ono wawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza mafumu potipatsa malo kumanda, adzukulu okumba manda amene alimbana ndi dothi louma la mwezi uno, amayi a chigwirizano amene aimba ndi kuphika kuyambira Lachiwiri, ndi abusa athu amene ankabwera ndi mgonero mlungu uliwonse. Tikuthokoza anzawo a ku nzimbe ndi asodzi a padooko amene agula bokosi. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Blantyre ndi a ku Joni, makamaka namwino uja amene anaimba foni katatu, amene dzina lake sindinafunse n'komwe. Immaculate, mwana wanga, kuyambira Meyi chaka chatha sunandiyankhule, ndipo sindikukukakamiza. Kabuku aka ndi kako, ubwere udzatenge.

Alamu anga, dzutsani nkhope anthu akuoneni. Nkhafi ija achimwene anaitsamiritsa pakhomo panu, ndaibwezera pomwepo m'mawa uno, ndipo siichoka ine ndili moyo.

Achimwene, a Wotchi, munandipatsa yunifolomu yanu, ine ndinakulandani majakisoni atatu. Ntchito yoyamba munandituma ija ndagwira, yachiwiri ndiyamba tikachoka kumanda. Mzimu wanu uuse mu mtendere umene ine ndinakumanani muli moyo.